Tiyi Wamchere ndi Ndudu za Mabwana

Achimwene,

Ndayamba ndi kufunsa moyo wanu. Kodi bondo lija lakulolani kuyenda, kapena likukulamulanibe? Alamu adzuka bwanji? Ine kuno ndilipo, kungoti mtima suli m'malo. Mukhululuke zilembo zopindikazi, paja sukulu ndinangoisuzumira pawindo.

Tauni ili monga munaisiyira: phokoso, masitepe makumi anayi kuti ufike pakhomo, ndi aneba oti ukawapatsa moni amagwira m'thumba ngati wawabera. Adzukulu akukula. Wamkuluyo wayamba kale kundikonza kalankhulidwe.

Nkhani ndi ya mwana wanga wachisamba, uja munamuphunzitsa kusankha fodya ali wamfupi ngati mtondo. Mukudziwa kuti kufakitale ntchito yake ndi kulawa. Chaka chino akonza ndudu zatsopano za mabwana, zonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi, zokulunga ndi tsamba lokhalokha popanda pepala, iliyonse ndi lamba wagolide m'chiuno. Zimagona m'kabokosi ka matabwa onunkhira, kokongola kuposa bokosi lomwe tinaikamo mayi athu. Mwanayo amayenera kusuta mtundu uliwonse n'kulemba pafomu mmene ukukomera.

Mwezi watha anabwera nako kabokosiko, ndipo Lamlungu m'mawa, mpongozi atapita kutchalitchi ndi ana, anandiitanira kukhonde lakuseri komwe timayanika zovala. Anadula kumutu kwa ndudu ndi kalumo kake, anaiyatsa, n'kundipatsa. Akuti ankafuna maganizo a katswiri, poti ndinasankha fodya zaka makumi atatu. Ine kunyada, mukundidziwa. Anandichenjeza kuti utsi wake sameza, umangouzunguza m'kamwa n'kuutulutsa. Ndinamufunsa ngati alipo wamisala wogula chinthu choti alavule.

Ndinakoka. Tsamba ndi labwino, ndisaname, lokhwima ndi loumitsidwa mofatsa. Ndinamuuza kuti poyamba ikununkha ngati chishalo cha njinga yakale, pakati ngati khofi wopserera mupoto, kumapeto ikuluma ngati tsabola. Iye analemba kuti chikopa, khofi wokazinga ndi tsabola wapatali. Tinaseka mpaka misozi. Sabata yotsatira anabweretsa ina, kenaka ina. Mabwana ake akuti anamuyamikira kuti sanalembepo bwino chonchi.

Yachinayi ndiyo inanditsegula maso. Inali ndi kafungo ka nkhungu koti ngakhale mphuno ya chimfine ingamve. Ndinamupatsa kuti akoke yekha. Anakoka kawiri n'kunena kuti ili bwino kwambiri. Achimwene, mwana uja ankanunkhiza belo la fodya ali pakhomo n'kudziwa kuti mkati mwanyowa!

M'mawa mwake ndinamuthirira masipuni awiri a mchere mu tiyi m'malo mwa shuga, ine n'kuima pasinki ngati ndikutsuka mbale. Anamwa kapu yonse. Anandithokoza kuti tiyi wa amayi ake alibe mnzake.

Ndinatseka chitseko cha khitchini n'kumulamula kuti ayasamule. Atakana ndinamugwira chibwano monga ndinkachitira pomumwetsa mankhwala. Pambali pa lilime pali chilonda chachikulu ngati batani la jekete, choyera m'mphepete, cholimba. Anavomera kuti chatha miyezi isanu, ndipo chilichonse chimene adya chimangokhala ngati akutafuna pepala. Mkazi wake sakudziwa. Amangodandaula kuti bambo asiya nyama ndipo lamba akumuboola mabowo atsopano.

Ndinati tipite kuchipatala. Anandifunsa kuti wolawa wopanda lilime ndi ndani, poti akangomva kuntchito alemba wina tsiku lomwelo, ndiye ana adzadya mafomu kodi. Anandigwadira pasimenti kuti ndizimulawira mpaka nduduzi zitalowa m'masitolo. Ndinamutukwana mawu amene sindingalembe m'kalata yomwe alamu awerenge. Koma Lamlungu lapitali ndinasutanso. Ine wakamwa ngati lumo ndasanduka lilime laganyu, ndipo khasu lokumbira dzenje la mwana wanga amene ndaligwira kumpini ndi ine. Paja amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha, koma iyi ikafota ifota ndi mwini wake.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Ine amandinyengerera mpaka ndifewe, koma inu malume ake sanakuyankhenipo mwano chibadwire. Chiwaikireni bambo ake m'manda, ndinu nokha amene mukakhosomola iye amaimirira. Pa 20 mwezi uno kuli phwando loonetsa nduduzi, ndipo ayenera kusuta pamaso pa alendo tsiku lonse. Mufike tsikulo lisanakwane, mudzamukweze basi ya kuchipatala ngakhale pomukoka kolala. Musamuimbire foni, akunamizani ndi mawu okoma. Mpongozi ndidzamuuza ndekha inu mutakhala pampando, kuti polira pakhale wamkulu. Mwanayo akadana nane chifukwa choulula, adane nane. Kuli bwino andinyanyale akupuma.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mng'ono wathu wotsiriza ndi amuna ake aulesi aja, ndi kwa ana anu onse. Musawauze kanthu, makamaka mng'ono wathuyo, poti iye nkhani ikamulowa m'khutu imatulukira kumsika.

Ndudu yachisanu ndi chimodzi ili m'kabokosi pamwamba pa kabati, ikundidikira. Ndamuuza kuti mano akundiwawa, sindingaikoke. Bodza limeneli lingatisunge sabata imodzi yokha, poti iye akudziwa kuti mano ndatsala nawo anayi. Fulumirani.

Ndine mlongo wanu wapakamwa uja,
Amake anyamata