Mpeni wa baWhiteson

Lolemba, 2 Seputembala 2024

Fumbi. Magetsi kulibe kuyambira m'mawa. Mu shopu ya alamu makasitomala atatu okha, onse ongofunsa mtengo wa mbewu n'kutuluka. Zaka zitatu pa yunivesite, mathero ake kulondera fetereza ndi mankhwala a makoswe pa Rufunsa.

Masana kunabwera mdala wina wa ku Mpanshya, baWhiteson, wa nazale ya malalanje. Amafuna mapulasitiki obzalamo mbande. Pofufuza kapepala m'thumba anatulutsa mpeni wopinda n'kuuika pa kauntala. Ine mipeni yakale ndimasonkhanitsa. Chogwirira cha fupa, chachikasu ngati dzino la nkhalamba, kumapeto kwake kophwatalala ngati kalilime. Timisomali titatu ta mkuwa. Ndinautsegula, ndinautseka: tcha! Kamodzi, kolimba. M'chitini changa muli mipeni khumi ndi inayi, palibe umene umatseka chonchi.

Ndinawapempha andibwereke, ndiufufuze kumene unachokera. Anati: "Mpaka Loweruka, mayi. Khungwa la mandimu layamba kusupuka, Lolemba ndiyamba ntchito." Sindinamve chimene amatanthauza. Sindinafunse. Ine kufunsa?

Lachitatu, 4 Seputembala

Pansi pa galasi lokuzira zinthu. Pa chitsulo, mbali yakumanzere, kakorona kofufutika, pansi pake SHEFF, zilembo zinazo zinatha. Dzina la mzinda wotchuka ndi mipeni: Sheffield. Dzina la wopanga silikuonekanso, koma ntchito yake ilipo. Fupa ndi chitsulo zakumana bwino moti chikhadabo sichikodwa. Munthu ameneyo anali ndi ulemu pa ntchito yake, osati anyamata a lero amene chitseko chokha chimawagonjetsa.

Maokapi anga, mipeni yopinda imene ndinagula kwa madalaivala a mathiraki, lero aoneka ngati ana. Ngakhale uja wakale wa ku Jeremani.

Nelly, mng'ono wanga, podutsa: "Anzako akusonkhanitsa mapoto a kicheni pate pokonzekera ukwati, iwe mipeni. Mwamuna wake ndani adzagogoda pano?" Agogode kwa iye.

Kalilime ka fupa ndaganiza kuti n'kotsegulira makalata. Chimodzi chandinyansa: mpeni unanoledwa mbali imodzi yokha. Mbali ya zilembo ili thyathyathya, sinaonepo mwala. Ulesi wa kumudzi. Chinthu chokongola chonchi m'manja mwa osadziwa.

Lachinayi, 5 Seputembala

Lamulo langa: mpeni wakale sunoledwa. Koma uku si kunola, n'kukonza zimene wina anawononga. Maola awiri pa mwala. Tsopano mbali zonse ziwiri zafanana, ukumeta cheya cha pa mkono. Mdala adzandithokoza.

Loweruka, 7 Seputembala

Mpanshya, pa minibasi yodzaza ndi matumba. Nazale yawo ili kuseri kwa nyumba, pansi pa shedi ya udzu. Mbande za mandimu mazana atatu m'mizere yoongoka, ndi chilala chonsechi zili biriwiri.

Ndinawapatsa mpeni uku ndikufotokoza za Sheffield. Anayendetsa chala chachikulu pa chitsulo. Anaugwira ndi dzanja lamanzere. Lamanzere! Anatenga kanthambi ka lalanje n'kudulapo kadiso kamene kamaphuka. Kanatuluka kokhota. Kachiwiri, kokhota. Kachitatu anangokaika pansi.

"Unabadwa choncho, mayi. Mbali yathyathyathya ndiyo imatsata mtengo."

Ndi mpeni womezanitsira mitengo. Kadiso ka lalanje kamalowetsedwa pansi pa khungwa la mandimu, ndipo kakapanda kudulidwa mosalala sikagwira. Kalilime kaja n'kotukulira khungwa. Makalata! Mipeni yotere ya anthu akumanja imapezeka ku Lusaka, koma wa munthu wamanzere iwo sanaonepo wina. Anapatsidwa mu 1971 ndi bulaza wina wa pa mishoni, wamanzere mnzawo. Mbandezo akuziyembekezera azimayi a kalabu ya ku Chinyunyu. Pakadutsa masabata atatu khungwa limamatiranso, chaka chapita.

Sanakalipe. Ananditungira munkoyo woti ndimwe. Bola akanandituka.

Lamulungu, 8 Seputembala

Sindinapite ku tchalitchi. Dzulo pochoka ndinafunsa baWhiteson ngati mpeni ungakonzeke. Ungakonzeke: kukhula mbali yonseyo pa mwala mpaka ibwerere thyathyathya. Zala zawo za nyamakazi sizingathe, ndiye ndinabwera nawo ine.

Koma mbali yake ndi ya zilembo. Ndinawauza kuti korona ndi SHEFF zipita, ndipo mpeni wopanda chizindikiro suzindikirikanso, ndi chitsulo chabe. Anati: "Zaka makumi asanu ndi zitatu, zilembozo sizinandidulirepo kanthu."

Lachiwiri, 10 Seputembala

Dzulo anayenera kuyamba. Mpeni uli pa thebulo langa, sindinaukhudze.

Maganizo oipa, ndiwalembe: ndiusunge momwe uliri, iwo ndiwapatse wabwino koposa wa m'chitini. Asankhe okha, ngakhale iwiri. Ndinauza Nelly. Anati: "Uwapatsenso nsapato ziwiri za phazi limodzi." Sukulu analekezera giredi seveni, koma pakamwa.

Ndajambula zilembo pa foni kasanu. Ndazidindanso pa pepala ndi pensulo.

Lachinayi, 12 Seputembala

Kuyambira dzulo, kuseri kwa shopu, mwala ndi madzi m'kapu. Alamu akuti makasitomala akuopa kulowa. Aope.

S ndiye anayamba kupita. Kenako H ndi E. Ma F awiri anapita limodzi. Korona anakana nthawi yaitali, wopanga uja anadinda ndi mphamvu. Nditapukuta komaliza kunalibe kanthu, nkhope yanga yokha pa chitsulo. Matuza awiri. Ndinalira pang'ono, za mpeni kapena za yunivesite sindikudziwa.

Loweruka, 14 Seputembala

BaWhiteson anauika mpeni pa chikhadabo, anauyang'ana cham'mbali padzuwa, anaupititsa pa lamba kanayi. Kadiso koyamba kanatsika kosalala ngati sopo.

Ndinati ndibwerera ndi minibasi ya m'mawa. Ndinakhala mpaka madzulo. Manja amene amanjenjemera pogwira kapu, pa mtengo sanjenjemera. Kucheka khungwa kawiri, kutembenuza mpeni m'dzanja osayang'ana, kalilime kutukula, kadiso kulowa, pulasitiki kuzungulira. Nditawerenga mumtima sindinafike makumi atatu. Pamene fupa linadyeka, pamene ine ndinalemba m'buku langa kuti "chilema", ndi pamene pamakhala chala chawo.

Aphunzitsi anga onse a ku yunivesite, ndi mikanjo yawo, palibe amene ndinamuyang'anapo chonchi.

Loweruka, 5 Okutobala

Tamasula mapulasitiki. Timaso tambiri tagwira, tabiriwira. Mzere womaliza, umene anaufika mochedwa khungwa litayamba kulimba, wauma pafupifupi wonse. Sabata yotayika ija ndi mlandu wanga. Sanaitchule. Azimayi a ku Chinyunyu adzalandira mbande zochepa, ndipo ndawauza baWhiteson kuti kukawafotokozera ndikapita ndine.

Ndinapempha kuyesa pa nthambi yotaya. Mpeni wawo m'dzanja langa lamanja ukungothawa. Anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi Prudence, muli ndi chitini chonse cha mipeni yogona. Dzutsani umodzi, munole mbali imodzi, Ogasiti mubwere."

Lamulungu, 6 Okutobala

Yonse khumi ndi inayi pa mphasa. Ndasankha kakang'ono ka chogwirira cha nyanga, kamene sindinalolepo Nelly kukagwira. Mwala wanyowa kale.

Koma kwa munthu wamanja, mbali yake ndi iti? Ndikuganiza kuti ndikudziwa.

Ndabweza mwala. Loweruka ndikafunsa.