Ndakulitsanso Zilembo

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ndi onse kumeneko, ndipo mwendo uja wasiya kuvuta. Kuno tilipo.

Webusaiti yanga ija munkati ndi masewera yakula. Tili ndi anthu oposa mazana atatu amene akuphunzira kupanga mawebusaiti ndi kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Mmodzi ndi mayi wina, telala, wadzipangira yekha tsamba loonetsa madiresi ake. Amafunsa ngati wapolisi, koma mutu wake umagwira.

Mwezi watha ndinasintha maonekedwe a webusaitiyi. Ndinakulitsa zilembo, ndinachotsa mitundu yotuwa, n'kusiya zakuda pa zoyera basi. Anthu ayamikira kwambiri. Telala uja akuti ndilembe phunziro lofotokoza kumene ndinatenga nzeru imeneyi. Sindinamuyankhe. Sabata yatha ndakulitsanso.

Lachiwiri ndinaika phunziro nditadumpha mzere wathunthu, ndipo pulogalamu inawakanira onse amene anayesa. Ndinali nditaliwerenga katatu, Azakhali, ine amene ndimakalipira ena pa zomwezo. Anakonza ndi telala yemweyo. Ndamupatsa mawu achinsinsi oyendetsera webusaiti yonse, ndamuuza kuti angosunga.

Ndifunseko kanthu kena. Mchimwene wanu, malemu bambo anga, pamene anayamba kuyandikitsa nyuzipepala kumphuno, anali ndi zaka zingati? Ndipo panapita nthawi yaitali bwanji kuti tiyambe kuwagwira dzanja? Amayi ndikawafunsa amasintha nkhani.

Poyankha musavutike n'kulemba kalata. Mungondiimbira foni.

Ndine mwana wanu,
Wamakompyuta uja