Kadontho ka nambala 114

Lolemba, 9 Juni

Abwana andipatsa za msewu watsopano wolambalala tauni. Mzere wake anajambula kale a injiniya. Ine kwanga n'kungouza kompyuta kuti iyeze mamita 30 uku ndi uku, kenako iwerenge nyumba zoti zigwetsedwe. Timadontho tofiira 130 pamapu. Ndimadina kamodzikamodzi, tiyi ali m'manja, kuti ndione madenga ake pa chithunzi cha m'mwamba. Ka nambala 114 ndi nyumba ya ababa. Ndaizindikirira thanki yabuluu ija ndi mtengo wa mapeyala umene anadzala malemu amayi. Tiyi wazizirira m'kapu momwemo.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndalawirira anzanga asanafike. Ndakopera fayilo n'kuyamba kukhotetsa mzere ngati wakuba. Ndikaukankhira kum'mawa ababa akupulumuka, koma ukudya nyumba zina 11 ndi makalasi awiri a pulayimale. Kumadzulo ndi dambo lokhalokha. Ndayesa kasanu ndi kawiri. Kompyuta ilibe chisoni, imangowerenga basi. Fayiloyo ndaifufuta.

Lachitatu, 11 Juni

Ndalirira kubafa ya kuofesi, mpopi wotsegula.

Lachinayi, 12 Juni

Ndawauza abwana. Avula magalasi, apukuta, avalanso. "Pepani mayi. Komatu musauze munthu makalata asanatuluke."

Masana ababa aimba foni, mawu ali gwa ngati kale. Akuti mphekesera za msewu zafika kwathuko, aneba tulo tawathawa, ndiye iwo ndi amene akuwalimbitsa mtima. "Ndawauza kuti mwana wanga ndiye amagwira mapuwo, pano sipadutsa kanthu." Ine ndangoti eya ababa. Eya wake uti? Njerwa za nyumba imeneyo anaumba okha, amayi akuwatungira madzi ine ndili kumsana.

Loweruka, 14 Juni

Ndapita kwa ababa ndi laputopu. Mawu a abwana ndawasiya pageti.

Ndawapeza akukanda simenti, akuti akukonza khonde mvula isanabwere. Aseka nsapato zanga, ati za kuofesi sizipondera pamchenga. Ndawapempha kuti akhale kaye pansi. Ndatsegula mapu, ndawaonetsa msewu, lamba wake wa mamita 30, kenako denga lawo. Ayang'ana nthawi yaitali, chala chamatope chili m'malere, osakhudza galasi.

"Chofiirachi waika ndani?"

"Ine, ababa."

"Sungachisunthe?"

Ndawauza za nyumba 11 ndi makalasi aja. Afunsa kuti ndi za ayani. Ndatchula amene ndikuwadziwa, iwo akungogwedeza mutu pa dzina lililonse.

"Chisiye pomwepo, mwanawe."

Adzuka, atsuka fosholo bwinobwino, aitsamiritsa pakhoma n'kulowa m'nyumba. Simenti yatsala pansi, ikuuma.