Wezulo apite nayo, kiyi atisiyire

Kwa bambo a kunyumba kwa Akochi, ana awo awiri amene ndi achemwali athu, abale onse ndi aliyense amene awerenge izi pa gulupu,

Ine kaputeni wa timu ya atsikana ya Mphenzi, m'malo mwa osewera tonse 14, ndikulemba ndi mtima wosweka komanso modzidzimuka kwambiri pa imfa ya Akochi athu, amene atisiya Lachiwiri m'mawa. (aphunzitsi anati ndiyambe choncho, ndayamba bwino eti)

Zoona sitikukhulupirirabe. Lolemba lomweli anali pabwalo kukalipira mnzathu Kafupi kuti "Iwe, mpirawo si mwana wako, usaubereke, patsira anzako!" kkkk Kafupi mpaka pano akulira uku akuseka.

Akochi anasewera basiketibolo ngati ntchito yawo zaka 12, matimu atatu, zikho zinayi, ndipo anthu ankangowatchula kuti Amanzere chifukwa dzanja lawo lamanzere silinkaphonya ringi. Bondo litakana sanakhale pakhomo kumadandaula ayi. Anabwera pabwalo lathu la simenti yong'aluka lija, napeza atsikana osadziwa n'kunjanjitsa mpira komwe, ena titavala masilipasi. Lero ndife timu yoti ena akamva dzina amatiopa.

Chinsinsi chake ndi sokosi kkkkk. Lachinayi lililonse amatimanga dzanja lamanja kumbuyo ndi masokosi awo akale, kuti lamanzere liphunzire ntchito. Ukati "Akochi, sokosiyi mwachapa koma?" amayankha kuti "Ndichapirenji? Fungolo ndi limene likukuthamangitsa." Bambo, pepani, masokosi anu ena amene ankasowa aja ali kwa ife.

Tsopano nkhani yovuta, ndipo ndalemba ndi kufufuta kasanu. Maliro ndi Lachisanu. Loweruka tikusewera fainolo, yoyamba chiyambire timu yathu. Majezi ndi mipira yonse zili m'kachipinda ka chitseko chachitsulo kuseri kwa holo, ndipo popanda majezi a manambala oyimbira satilola kulowa, chikho chimangopita kwa timu inayo osatuluka n'thukuta lomwe. Kiyi wa kachipindako ndi mmodzi yekha. Ali pa chingwe chofiira chija pamodzi ndi wezulo, chimene Akochi sankachivula m'khosi olo pa ukwati.

Tamva kwa achemwali aakulu kuti Akochi ananeneratu kuti adzapite ndi wezulo yawo. Ife sitikutsutsa olo pang'ono, ndi yawo, ndipo palibe wina angaiyimbe mpaka agalu a tsidya lina kuyamba kuuwa. Tinapita kwa amlonda kuti angoswa loko, iwo akuti "Loko wa Amanzere ndimuswe ineyo? Ana inu mundifunira zabwino koma? Pitani mukapemphe mwaulemu." Nde ndi izi tikupempha mwaulemu. Chonde bambo, musanatseke bokosi, masulani kafundo kali pachingwepo, muchotsepo kiyiyo. Ndi kakiyi kakang'ono kopaka penti ya buluu.

Osati mutipatse pamaliro anthu akuona ayi, tingachite manyazi. Ngati achemwali angathe, abwere nako Loweruka m'mawa, atsegule chitsekocho okha, kenako akhale pa benchi pamene amakhala amayi awo. Sayenera kudziwa malamulo, angokuwa kuti "Manja m'mwamba!" basi, zina zonse tikuzidziwa.

M'malo mwa osewera, makolo athu, aphunzitsi ndi amlonda, tikupepesa kuchokera pansi pa mtima, ndipo tikupempha Mulungu akupatseni mphamvu masiku ovutawa. Munatibwereka amayi anu masana aliwonse zaka zisanu osadandaula, zikomo kwambiri.

Za Loweruka musade nazo nkhawa, tiwina, sindikufunsa. Tagwirizana kale kuti mpira woyamba kulowa mu ringi ukhale wa dzanja lamanzere, ndipo woponya wake ndi Kafupi. Akaubereka, Akochi tidzawamva ndi wezulo yochokera kumwamba.

Ine kaputeni, jezi nambala 7 (ili mkati mokhomedwamo)
Timu ya atsikana ya Mphenzi