Diso la kamera ya bambo lisalowe m'simenti

Maputo, 6 Okutobala

Okondedwa achimwene a Moisés,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Tiyamike ndi ana. Nanga amayi, bondo lija likuwalola kufika kudimba? Paja inu mukafunsidwa za matenda mumangoti zonse zili bwino ngakhale munthu akukwawa, ndiye ulendo uno mundiyankhe zoona. Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwira sabata yatha koma chapita.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Lamlungu lija ndinakudulirani foni mukadayankhula, ndipo ndikupepesa. Mukundidziwa, mtima ukandikwera pakamwa panga pamatuluka zosakonzeka. Ndiye ndati ndilembe kuti mawu akhale pansi, komanso kuti muwawerengere amayi pang'onopang'ono, poti pafoni samva bwino. Wabweretsa kalatayi ndi Dinis wa a Bela a kuseri kwa msika, uja amayendetsa lole ya nyemba. Akhala ku Milange masiku asanu kenako abwerera kuno.

Nkhani ndi yomwe ija ya chiliza cha bambo. Munandiuza kuti bambo aang'ono a Luka agamula kuti kamera ya malemu aimatire m'simenti pamwamba pa manda, kuti wodutsa aliyense adziwe kuti apa pagona wojambula, ndipo mmisiri ayamba pa 19 mwezi uno kuti pofika tsiku lokumbukira akufa zonse zikhale zitauma. Ganizolo si loipa. A Luka akutero chifukwa chokonda mkulu wawo. Ine ndikupempha chinthu chimodzi chokha, kuti diso la kamerayo, limene kuno amati lente, lisalowe nawo m'simenti. Munandifunsa kuti ndikulimbana ndi chiyani poti kamera inafa kalekale ndipo filimu kulibe. Pafoni ndinangokalipa, pano ndifotokoza.

Ntchito ikuyenda. A Telmo, eni situdiyo imene ndimagwirako, msana ukuwavuta, ndiye maukwati a Loweruka ayamba kundisiyira ndekha mpaka Disembala. Koma mwezi wa Ogasiti ndinachita manyazi. Makamera a masiku ano amadzisankhira okha poyang'ana, ukangodina diso limazungulira lokha n'kugwira chimene lakonda. M'tchalitchi munali kamdima, ndipo pa nthawi yovekana mphete kamera yanga inakonda maluwa amene anali patsogolo. Maluwawo anatuluka bwino zedi, koma nkhope za akwati zinali ngati ukuziona m'madzi otsukira mpunga. Mayi a mkwatibwi sanandilalatire. Anangondifunsa mwaulemu ngati amene ankakwatiwa tsiku limenelo anali maluwa. Bola akanandilalatira.

A Telmo anati ndisanamizire makina, wolakwa ndi ine amene ndinalola makina kundiganizira. Lamlungu lotsatira masana ananditengera pakhonde la mnzawo wokonza makamera, pamene ojambula amakumana. Achimwene, ndinapeza anthu akuluakulu ndi imvi zawo akukangana za maso akale a makamera ngati mmene inu mumakanganirana za mpira kumalire kuja. Onsewo ali ndi makamera atsopano, koma kutsogolo amaikako maso akale, aja ozunguza ndi dzanja. Pali kamphete kachitsulo kolumikizira, basi, diso la zaka makumi asanu n'kuyambanso ntchito. Mulibe batire, mulibe waya, ndi chitsulo ndi galasi zokha.

Aliyense ali ndi lake limene amalikonda ndipo safuna kumva za lina. A Telmo lawo ndi Nikkor ya 105. Amati pojambula nkhope silinama komanso silinyoza, makwinya a munthu limawaonetsa mwaulemu. Mayi wina dzina lake Dina, amene amajambulira nyuzipepala, amayenda ndi Takumar ya 50 m'thumba ngati mankhwala a mutu. Iye amati mphete ya disolo imazungulira mofewa moti chala chimodzi chikwana, ndipo mtundu wa zithunzi zake umakhala ngati wa dzuwa la m'ma folo. A Telmo anamuseka kuti amakonda chinthu chifukwa chofewa ngati akusankha papaya. Dina anawabwezera kuti lawolo limafuna munthu abwerere m'mbuyo mpaka kugwera mu ngalande kuti banja lonse likwane.

Kenako bambo wina wa ku Quelimane, a Edilson, anatulutsa lawo, lakuda, lolemera, lopangidwa ku Russia. Dzina lake ndi Helios. Analimanga pa kamera yanga n'kundiuza kuti ndimujambule Dina ataima patsogolo pa mtengo. Ndinazunguza mphete mpaka nkhope inabwera, ndinadina, n'kuyang'ana. Masamba onse a kumbuyo kwa Dina anali atazungulira mutu wake ngati kavuluvulu.

Mwachikumbukira chithunzi chanu chija cha kumsasa wa othawa nkhondo, mutaima pansi pa mtengo ndi galimoto yanu yamawaya? Masamba ake ndi omwewo. Paja a Luka ankawaseka bambo kuti kamera yawo ndi yoledzera, bambo n'kumayankha kuti ndi mitengo imene imavina ikaona iwo. Makasitomala ena ankabweza zithunzi ati zawonongeka. Ifenso tinakula tikudziwa kuti ndi chilema cha kamera yokalamba. Lero kuno akwatibwi amachita kupempha zithunzi zoterozo, ndipo a Edilson amawaitana mpaka ku Matola chifukwa cha diso limenelo. Nditawerenga zilembo za pamlomo pake ndinapeza kuti ndi zomwe zija ndinkazitsata ndi chala pa diso la kamera ya bambo ndisanadziwe kuwerenga. Ndinalira pamaso pa anthu osawadziwa, ine amene sindinalire bwino ngakhale pamaliro.

A Edilson atamva nkhani yanga anati ndisavutike, maso amenewo anapangidwa ambirimbiri, akhoza kundipezera lina sabata yomweyo. Ndinawathokoza koma ndinakana. La bambo lili ndi kopindika pamlomo. Inu mukudziwa bwino kuposa ine, poti munali kumsana kwa amayi pamene ankawoloka mtsinje wa Ruo pothawa nkhondo, ine ndisanabadwe. Bambo anaterereka pamwala, mtolo wa mabulangete n'kupita ndi madzi, iwo atakweza kamera pamwamba pa mutu, pamlomo pa diso pokha ndi pamene panagunda mwala. Mabulangete amenewo amayi amawatchulabe mpaka lero. Diso limenelo ndi limene linatidyetsa kumsasa, ndi limenenso linajambula theka la Milange anthu atabwerera n'kumafuna zithunzi za pa ziphaso. Ndinaphunzirira pomwepo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, inu mutathawira kumpira. Bambo ankati ndizunguze mpaka nsidze za munthu ziwerengeke, ndipo ndisadine mpaka munthuyo aiwale kuti ndilipo. Akaona kuti wauma nkhope ankamufunsa za nyemba zake.

Chiyambire tsiku lija ndabwerera ku dzanja. A Telmo andibwereka diso lawo lina ndipo ndakhala ndikuyeserera pa ogulitsa malalanje, pa njinga zodutsa, ngakhale pa nkhuku za eni nyumba. Masiku oyamba zambiri zinkatuluka mbuu, chala chinali chitaiwala. Loweruka lapitali ndinajambula ukwati wonse ndi dzanja, ndipo povekana mphete panaoneka mpaka thukuta la pachala cha mkwati. Ndatsimikiza mtima kuti ndizijambula chonchi, ndipo ndikufuna kutero ndi diso la bambo anga.

Tsono chochita ndi ichi. Kamera ili m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi la amayi, m'thumba lake lachikopa. Diso ndi thupi ndi zinthu ziwiri, sizinabadwire limodzi. Mugwire thupi ndi dzanja lamanzere, ndi lamanja mugwire diso patsinde penipeni pamene lakhudzana ndi thupi, osati kutsogolo, poti mphete za kutsogolo zimangozungulira osamasuka. Muzunguzire kumanzere ngati mukutsegula botolo. Likalimba musathire mafuta, musatenge pulayala. Ndikukudziwani inu ndi pulayala wanu, njinga ya alamu ija sinachire mpaka lero. Mungoligwira ndi kansalu kouma n'kuyesanso modekha.

Likachoka muliyang'anire kudzuwa la m'mawa cham'mbali. Kwathu pansi pa phiri la Tumbine chinyezi ndi chambiri, ndiye mwina muona timizere toyera mkati ngati ukonde wa kangaude. Chimenecho ndi chuku, ndipo wokonza wa kuno amachichotsa. Inu musapukute ndi malaya kapena chitenje, musapumirepo mpweya, musatsuke ndi sopo. Mulikulunge m'sokosi yoyera youma, osati m'jumbo, muliike m'chitini cha mkaka, m'mbali mutseke ndi nsanza kuti lisagwedere. Dinis ndamuuza kale kuti chitinicho chikhale naye kutsogolo, chisakwere pamwamba pa matumba a nyemba.

Ndikudziwa chimene a Luka anene, ndipo mwina amayi akuchiganizanso, kuti sitingawasiyire bambo kamera yakhungu, yabowo pamaso. Nanenso zimenezo zinandivuta. N'chifukwa chake mu envulopu ino mupezamo kachivindikiro kakuda kamene a Telmo andipezera. Kamalowa ndendende pamene pachoka diso, mungozunguzira kumanja. Muwakumbutse akuluakuluwo kuti bambo akaweruka, chinthu choyamba asanasambe n'komwe m'manja chinali kutseka kamera. Sanaigonekepo ili chipenyere ngakhale tsiku limodzi, ndipo ine ndinalawapo khofi patsaya chifukwa choisiya yosatseka padzuwa. Ndiye ife tikaimate ili chipenyere, dzuwa ndi mvula zizilowa m'diso chaka ndi chaka? Bambo anaweruka, kamera yawo igone nawo yotseka monga ankachitira. Wodutsa adzaionabe n'kudziwa kuti apa pagona wojambula.

Musachotse mobisa, chonde. Sindikufuna chinthu chakuba pamanda a bambo anga. Muyambe mwawawerengera amayi kalatayi, kenako mupite nayo kwa a Luka pamodzi ndi kachivindikiroko, akagwire ndi manja awo. Akafuna kundiyankhula ndidzawayankha mwaulemu, foni sindidzadula, ndalonjeza. Koma Dinis akanyamuka wopanda chitini mundiuze tsiku lomwelo. Maukwati ndiwasiya, a Telmo adzandikhululukira kapena ayi, ndikwera basi ndidzagwade pamaso pa a Luka mmisiri asanasakanize simenti. Simenti ikauma ndiye kuti zatha, palibe adzagumule chiliza cha bambo chifukwa cha ine, ndipo inenso sindingalole.

Pali chinanso chimene sindinanene pafoni chifukwa mawu akanandithawa. Nditabwera kumaliro ndinatsegula katoni ya zithunzi zotsala za bambo, zija eni ake sanabwere kudzatenga. Ndinafufuza chimodzichimodzi kufuna nkhope ya amayi. Mulibe. Muli inu, muli ine, muli a Luka ndi njinga yawo, muli anthu a ku Majaua amene sitidziwa ndi mayina omwe. Amayi ntchito yawo inali kugwira nsalu yoyera kumbuyo kwa ojambulitsa, iwo atabisala kuseri kwake. Mukayang'anitsitsa m'makona a zithunzi zosadula muona zala zawo, kuno zinayi, uko zitatu. Zaka zonse zija bambo anajambula zala za mkazi wawo kambirimbiri, nkhope ayi. Ankati filimu yomaliza pa mpukutu ndi ya amayi, koma nthawi zonse pankatulukira munthu wina wothamangira chiphaso, amayi n'kunena okha kuti mujambuleni uyu, ine ndilipo. Chithunzi chokha chimene ali nacho ndi cha pa chiphaso chatsopano, chojambula a boma, chimene akuoneka ngati awagwira ndi katundu kumalire.

Chithunzi chimenecho bambo anachilonjeza ndipo sanachijambule. Ndikufuna ndidzachijambule ine mu Disembala, ndi diso lomwelo limene amayi analiimira kuseri kwa nsalu zaka zonsezo. Lina lililonse, ngakhale la a Telmo laulemu lija, silingagwire ntchito imeneyi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Tiyamike, muwauze kuti ufa wa chinangwa uja unafika ndipo watha kale. Moni kwa ana anu Yamikani ndi Takondwa, alimbikire sukulu. Moni kwa bambo aang'ono a Luka ndi mayi aang'ono a Dorothy, ndipo muwauze kuti ndikuthokoza chifukwa chosenza ntchito ya chiliza ife ana tili manja lende. Moni kwa azakhali a ku Majaua mukawaona pamsika, ndi kwa a Bela amene atibwereka mwana wawo.

Amayi muwasiyire kumapeto, ndipo apa muwerenge mokweza. Amayi, yambani kusankha chitenje. Ndidzakukhazikani pampando wa bambo pansi pa mango a kuseri, masamba adzavine kumbuyo kwanu mmene ankavinira kwa anthu ena onse. Ndidzakufunsani za nyemba zanu mpaka muiwale kuti ndilipo. Nsalu sidzafunika tsiku limenelo, manja anu adzangokhala pamiyendo.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu wovuta uja,
Nelsa