Foni ya Abambo Isapezeke Loweruka

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni wochokera kuno kwa ife tonse. Kodi muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Nanga msana uja unasiya kukuvutani, kapena mukungoupirira monga mwa chizolowezi chanu? Za abambo sindifunsa zambiri, chifukwa ndinawamva ndi makutu angawa kuti ali bwino. Munthu wodwala sangakuwe chomwe chija pa wailesi.

Kalatayi ndapatsira woyendetsa basi kuti ikupezeni Loweruka lisanafike. Pafoni sindikanatha kunena, popeza abambo amakhala pafupi nanu nthawi zonse, ndipo makutu awo, mosiyana ndi maso, sanadwalepo.

Ife kuno tilipo. Wamng'ono uja mano akutsogolo aguluka, moti akuyankhula ngati nkhalamba. Wamkuluyo akukonzekera mayeso, ndipo ngati Mulungu alola, aka kakhala koyamba kuti ayambe ndi kumaliza chaka pasukulu imodzi. Alamu anu thupi lili bwino koma kudya anachepetsa. Kochi timu yake ikamagonja sadya, amangosuntha chakudya m'mbale uku ndi uku ngati akuika osewera pabwalo. Ndikawafunsa ngati mchere wakwana amandiyankha za goloboyi.

Inu za mpira simuzitsata, ndiye ndikufotokozereni pang'ono kuti mumvetse chimene ndalembera. Mu timu muli anthu awiri amene amagona nsapato zili kumapazi, manejala wamkulu ndi kochi. Manejala ndiye amafunafuna osewera ndi kuwagula. Kochi, amene ndi alamu anuwo, amawaphunzitsa n'kusankha oti alowe m'bwalo. Timu ikapambana, pa chithunzi pamaoneka wapampando wa komiti atanyamula chikho. Ikagonja, komiti imayang'ana awiriwa kuti ione woti imuonetse msana wa njira. Osewera sangawachotse onse, ndipo wapampando sangadzichotse yekha.

Nyumba imene tikukhalayi ndi ya timu. Ndi imodzi koma yogawidwa pakati, mbali ino ife, mbali inayo a Manejala ndi banja lawo. Khoma lake ndi lopyapyala moti kwawoko akakazinga anyezi, ana anga amasamba m'manja. Chingwe choyanikapo zovala ndi chimodzi, mpopi ndi umodzi. Akazi awo, amene ine ndimangowaitana kuti aneba, ndiwo anandilandira nditafika kuno ndisakudziwa ngakhale kogula makala. Nditadwala paja, ndiwo ankasambitsa ana anga. Tsiku la masewero timakhala limodzi pakhonde, wailesi pakati, aliyense akupempherera mwamuna wake. Mudziwenso kuti a Manejala ndi amene anaitana alamu anu kudzagwira ntchito kuno. Komiti inkafuna munthu wina, iwo ndiwo anaumirira.

Chaka chino mpira watikana. Timagonja pakhomo, timagonja koyenda, ndipo tsiku lina tinagonja ndi timu imene basi yake inafera panjira, osewera n'kufika wapansi. Mu nyuzipepala akaika mayina a matimu, pansi pa dzina lathu pamangobwera malonda a matayala. Kumsika ndinasiya kupita masana. Mayi wogulitsa tomato amandipatsa tomato uku akundituma kuti ndikauze amuna anga aziika anthu awiri kutsogolo. Wometa tsitsi anameta mwana wanga mbali imodzi, n'kuyamba kujambula ndi chala m'mutu mwake mmene otchinga kumbuyo ayenera kuimira. Aliyense m'tauni muno ndi kochi, kupatula amene analembedwa ntchitoyo.

Ngakhale zinali choncho, a Manejala ndi alamu anu anagwirizana chimodzi. Akaitanidwa ku komiti ankalowa limodzi, ndipo panalibe woloza mnzake chala. A Manejala akafunsidwa ankati kochi ndi wabwino, wavuta ndi mwayi. Alamu anu akafunsidwa ankati osewera amene a Manejala anagula ndi abwino, wavuta ndi mwayi womwewo. Komiti inkasowa pogwira, chifukwa kuchotsa onse awiri ligi ili mkati n'kovuta, ndipo kuti uchotse mmodzi pamafunika wina akupatse chifukwa. Ankangowamwetsa tiyi n'kuwauza kuti ayesetse. Umu ndi mmene tinkapulumukira, sabata ndi sabata.

Kenako abambo athu analowererapo.

Mukukumbuka kuti atabwera kuno kudzaonetsa maso kuchipatala, a Manejala ndi amene ankawanyamula pa galimoto yawo. Awiriwo anakondana kwambiri. A Manejala ankawaitana kuti bambo, ndipo tsiku lina ali pamzere kuchipatalako, pofuna kuwachotsa mantha, anawauza nkhani imene tonsefe tinkaisungira m'mimba. Pali wosewera wina amene timu inamugula kuti azimwetsa zigoli, ndipo mapepala ake amati ndi mwana wa dzulodzuloli. Koma tsiku lina pa geti ya bwalo panafika mayi wobereka khanda kumbuyo, n'kunena kuti akufuna bambo ake omubereka. Khandalo linali mdzukulu wa mnyamata wathuyo. Abambo anaseka mpaka adokotala anawadzudzula kuti mankhwala onse atuluka ndi misozi.

Titagonja masewero apitawa, ine ndi aneba tinakhala pakhonde kumvera pulogalamu ija anthu amaimba foni kunena maganizo awo. Timaimvera ngati munthu wokanda chilonda chake. Ena ankati kochi achoke, ena ankati onse achoke, wina anati bwalo lenilenilo aligawe anthu adzalemo chimanga. Kenako muulutsi anati pali bambo wina wochokera kutali amene wapempha kuti azingotchulidwa kuti Wokonda Chilungamo. Munthuyo asanayankhule anayamba wakonza kukhosi, n'kufunsa ngati akumveka, n'kukonzanso kukhosi. Achemwali, ndinawazindikira pomwepo. Kukhosi kumeneko ndakula nako.

Abambo anayamba bwino. Anati kochi ndi munthu wamakhalidwe, samwa mowa, amalemekeza akuluakulu, ndipo akapita kumudzi amakwera padenga kukatseka modontha. Muulutsi anawafunsa kuti denga likukhudzana bwanji ndi zigoli. Pamenepo ndiye anapsa mtima. Anati vuto si kochi, vuto ndi manejala amene akugula agogo n'kumawaveka makabudula. Anafotokoza nkhani yonse ya khanda la pa geti lija, osasiyako ngakhale pang'ono. Muulutsi, atanunkhiza nkhani, anawafunsa mwaulemu kuti iwo zimenezi akuzidziwa bwanji.

"Anandiuza yekha manejalayo," anatero abambo. "Kochiyo ndi mkamwini wanga, ndinagona kunyumba kwake. Koma dzina langa musalitchule."

Aneba anadzuka, n'kuanula zovala zawo pachingwe zisanaume n'komwe, n'kulowa m'nyumba. Ine ndinatsala ndekha ndi wailesi ikuimba nyimbo.

Kutacha nkhani inali ponseponse. Masapota anafika pa geti atanyamula ndodo yoyendera nkhalamba, ati akapatse womwetsa zigoli uja. Wina anabweretsa thewera la mdzukulu. Komiti inaitana awiriwa, koma ulendo uno aliyense payekha, ndipo tiyi panalibe. Alamu anu analumbira kuti sanatume munthu, ndipo anati a Manejala akachoka iwonso achoka. Wapampando anawayankha kuti khomo ndi lotsegula, kungoti akumbukire kuti nyumba ndi ya timu ndipo mwana akulemba mayeso. Alamu anu atabwera kunyumba, ine sindinawafunse, chifukwa ndinaona pankhope kuti asankha mwana. A Manejala anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

Alamu anu anapita kukagogoda kuseriko kuti apepese. A Manejala anawalandira, n'kuwauza kuti iwo akudziwa kuti sanatume munthu, koma m'tauni muno ndani angakhulupirire kuti apongozi a munthu anangodzuka okha n'kuimba foni. Kunena zoona, ndikanakhala wina inenso sindikanakhulupirira. Chikundiwawa kwambiri, achemwali, n'chakuti anthu amenewa sanatilakwire kalikonse. Mlandu wawo ndi woti anaseketsa nkhalamba imene inkaopa dokotala.

Abambo anandiimbira foni atamva kuti manejala wachoka, ali osangalala kwabasi. Anati ndione mmene mawu a munthu wamkulu amagwirira ntchito, ndipo mkamwini wawo asavutike n'kuthokoza, iwo angochita udindo wawo. Anawonjezera kuti masewero akubwerawa akatha aimbanso, chifukwa ali ndi mawu ena okhudza wapampando. Ati tsiku lija tinawatengera kubwalo anamuona ndi maso awo atsopanowa akuwodzera mpira uli mkati, kukamwa kuli yasa. Ndinayesa kuwaletsa, koma mukuwadziwa abambo. Mwana womaliza akayankhula iwo amamva ngati mphepo ikudutsa. Anangoti ndine wamantha ngati malemu amayi.

Chimene abambo sakudziwa n'chakuti manejala watsopano wafika kale, ndipo manejala aliyense amabwera ndi kochi wake m'thumba. Uyu wabwera ndi mnzake wovala kapusi, amene akuti wangobwera kudzaona tauni. Munthu wodzaona tauni, koma tsiku lililonse ali pabwalo, manja kumbuyo, kufunsa mayina a osewera. Dzulo anafunsa mlonda ngati mbali yathu ya nyumba imadontha nthawi ya mvula. Kuwonjezera apo, wapampando wauza atolankhani kuti komiti imamukhulupirira kochi ndi mtima wonse ndipo ili pambuyo pake. Alamu anu atamva mawu amenewo anakhala pansi n'kuitanitsa madzi. Akuti pa ntchito yawoyi munthu amaima pambuyo pako akafuna kukukankha bwino.

Ndiye zonse zioneka Loweruka. Tikusewera ndi timu imene ili pamwamba pa ligi, imene chaka chino sinagonjepo, ndipo womwetsa zigoli wathu akukana kutuluka m'nyumba chifukwa ana akumamutsatira mumsewu n'kumamupempha nthano. Alamu anu akuti ngakhale titangofanana mphamvu, mwina komiti ingawasiye mpaka ligi ithe, ndipo pofika nthawiyo mwana adzakhala atalemba mayeso. Ine sindikupemphanso chikho, ndikungopempha zimenezo. Koma wapampando akangomva pa wailesi kuti apongozi a kochi akulengeza za tulo take, ngakhale titamwetsa zigoli zodzaza dengu, tasamuka.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka, kuyambira masana mpaka pulogalamu ija ithe, foni ya abambo isapezeke. Musawakanize poyera, mungoyambitsa mlandu wina woti akaunene pa wailesi pomwepo. Iikeni m'thumba la chimanga, kapena munene kuti yapita kokatchaja ndipo kumeneko magetsi azima. Yanu ndi ya alamu nazonso zikhale zopanda mayunitsi. Mwini golosale mukamuchenjeze kuti asawabwereke yake, chifukwa abambo akafuna chinthu mwendo suwawawa. Zonsezi zikakanika, atengeni mukazonde wodwala aliyense amene amakhala kopanda netiweki. Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsani katundu wolemera, poti inu ndi amene mudzamve matalikidwe a lilime lawo. Koma ndi tsiku limodzi lokha, achemwali, ndithandizeni.

Aneba asamuka lero m'mawa, popeza manejala watsopano akufuna nyumba. Masiku onsewa sitinayankhulane, ndipo ine ndinkadikira kuti alowe m'nyumba ndisanapite pampopi. Lole itafika ndinalephera kupirira. Ndinatuluka n'kuyamba kunyamula nawo mipando popanda wondiitana, ndipo sanandiletse. Tinagwira ntchito mpaka mbali yawoyo inatsala pululu. Pomaliza analowanso m'nyumba n'kutuluka ndi makatoni opanda kanthu amene anawatsalira, atawapinda bwinobwino n'kuwamanga ndi chingwe. Anawaika pakhomo panga.

"Awa musataye, aneba," anatero. "Ndi olimba. Aakuluwo muikemo mbale."

Ndinafuna kupepesa koma ndinangoyamba kulira. Iwo anandigwira dzanja n'kunena kuti ndiwaperekere moni kwa abambo, ndiwakumbutsenso tsiku lobwerera kuchipatala, chifukwa a Manejala akuopa kuti aiwala. Ndikanakonda akanandinyoza, achemwali, bwenzi pano mtima uli m'malo. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Makatoniwo ndawaimika kuseri kwa chitseko, ndipo chingwe chake sindinamasule.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, kwa azakhali ndi kwa amalume. Ana kuno akuti moni kwa abale awo ndi kwa agogo. Abambo muwauze kuti mkamwini wawo wamva zonse zimene amuchitira, ndipo akuti zakwana, asavutikenso.

Ine mng'ono wanu wokukondani,
amene mpaka Loweruka ndikadali mkazi wa kochi.