Mpando wa Pafupi ndi Chitseko

Lolemba, 9 Febuluwale

Abwana atsopano aimba foni kuchokera kulikulu. Sindinawaonepo, koma Kaputeni, woyendetsa ndege yathu, akuti munthu wake savula tayi ngakhale kutenthe bwanji, ndiye ine ndawatcha a Tayi. Akuti kuyambira mawa mpando wa pafupi ndi chitseko ndizigulitsa ngati ina yonse.

Ndati bwana, umenewo ndi wa odwala. Kandege kathu n'kakang'ono, ndipo kuno kumpoto kamabwera Lachiwiri ndi Lachisanu basi. Chiyambire, mpando umenewo timasungira munthu amene kachipatala kathu kamulephera. Pakapanda wodwala umapita wopanda munthu. Akuti ife si ambulansi. Ndati nanga ambulansiyo idutsa pati poti mlatho unakokoloka? Akuti mayi, mwamva zimene ndanena? Ndati ndamva.

Kumva ndamvadi, makutu ndili nawo. Koma sindigulitsa.

Lachiwiri, 10 Febuluwale

M'mawa kuyendera bwalo ndege isanatere. Matope kumunsi, mbuzi za eni pakati penipeni ngati zalipira. Ndazithamangitsa mpaka nsapato kutsalira m'thope.

Ndili mkati mokweza anthu pasikelo, afika a Matumba, amalonda aja amene katundu wawo amalemera kuposa mwini wake. Ati ndamva mpando uja mwaumasula, ndilembeni. Nkhani zimathamanga bwanji kuno! Ndati palibe chamasulidwa, dikirani Lachisanu likudzalo kapena linalo. Anamwino sanabweretse aliyense, ndege yanyamuka mpando uli mbee. A Matumba anaima pawaya n'kuuona bwinobwino chitseko chisanatsekedwe. Ati muona. Ndati ndaona zambiri, bambo.

Lachitatu, 11 Febuluwale

Andinenera. A Tayi akalipa pafoni mpaka ndinaiika patebulo n'kumasesa mu ofesi, mawu akumveka ndithu.

Kunyumba nako bambo a ana ayamba. Akuti iwe, ndege ndi ya eni, mpando ndi wa eni, chako n'chiyani pamenepo? Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndati tsinani, khutulo ndi langa. Ndawafunsa ngati aiwala kuti mwana wathu wachiwiri ndinakamuberekera kuti. Amene anakhala pampando umenewo magazi akutsika m'miyendo si ine? Iwo akuthamanga m'mbali mwa waya ngati aipeza ndegeyo? Angotuluka kukayang'ana nkhuku zomwe zinali zitalowa kale.

Lachisanu, 13 Febuluwale

Mpando wapitanso wopanda munthu.

Lero zandipweteka, sindinama. Panali mayi wina wopita kumaliro a mchemwali wake. Wandigwira mkono, akuti mwanawe, mpando uwo ndikuuona ndi maso angawa. Ndamuuza kuti anamwino akhoza kutulukira nthawi ina iliyonse. Sanatulukire. Pamene ndimati mwina ndimulowetse mayiyo, Kaputeni anali atatseka kale, mitambo ikubwera. Mayi uja sanatukwane, anangokhala pansi pakhonde n'kumalira chamumtima. Bola akanatukwana.

Kaputeni anali atandiitanira pambali akuthira mafuta. Ati mlongo, ine ndimangoyendetsa, koma kulikulu dzina lako lili pakamwa pa aliyense. Ndati aliyense wake alipo amene anafikapo kuno nthawi ya mvula? Aseka, ati iwe udzafa ukuyankha.

Loweruka, 14 Febuluwale

Kuchapa. Mutu ukuwawa. Nkhope ya mayi uja sikuchoka.

Lamulungu, 15 Febuluwale

Ndakumana ndi anamwino panjira. Akuti amva zonse, asandiike m'mavuto, akapeza njira ina. Ndati njira yake iti, ya m'madzi? Ndawauza kuti akakhala ndi munthu azibwera naye basi, zinazo n'zanga.

Lolemba, 16 Febuluwale

Ha! A Tayi ndi ochenjera, ndiwapatse ulemu wawo. Akuti mawa ndikwere ndege ndikaonekere kulikulu madzulo, akuluakulu akandimve. Ndikapanda kufika, ndiye kuti ntchito ndasiya ndekha. Mtsikana wina abwera ndi ndege yomweyo kudzagwirizira ofesi. Mipando ina yonse agulitsa okha kuchokera komweko.

Ndafunsa kuti nanga ine ndikhala pati. Akuti pafupi ndi chitseko, mayi, si paja mumapakonda? Ndinamva akumwetulira pafoni pomwe.

Bambo a ana andisitira bulauzi okha, chinthu chimene sanachitepo chikwatiraneni. Akuti ukafika kumeneko upepese, lilime ulisiye kuno ndikusungira. Ndati chabwino. Mantha ndili nawo, ndisadzinamize. Ana atatu, ndipo kuno ntchito ina kulibe. Ndikalankhula bwinobwino, mwaulemu. Koma kupepesa ayi.

Lachiwiri, 17 Febuluwale

Ndinakwera pasikelo ndekha, mtsikana watsopano uja n'kundilemba ngati mlendo. Mwana waulemu wake, wandiitana kuti amayi. Anthu onse analowa, a Matumba pampando wakutsogolo, chipewa pabondo. Ine ndinali nditaponda kale pamakwerero.

Kenako belu la njinga. Anamwino akuthamanga wapansi, kumbuyo kwawo amuna awiri akukankha njinga, pakaliyala mtsikana wapakati atatsamira mwamuna wake. Wa kutsidya kwa mtsinje, sindimudziwa n'komwe. Anamwino akuti wayamba kumva zowawa dzulo, mwana wapingasa, kuno sangathe. Milomo ya mtsikanayo inali itayera.

Watsopano uja wayang'ana mundege, wayang'ana ine, akuti amayi, yadzaza. Kaputeni alowetsa mutu n'kufunsa ngati alipo angatsale. Aliyense akuyang'ana nsapato zake. Sindikuwada, aliyense ali ndi ulendo wake.

Ndinatsika. Kaputeni ati mlongo, ukudziwa tanthauzo lake? Ndati gonekani mpandowo, nthawi ikutha. Ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya bambo a ana, omwe anandiperekeza, ndikudziwa kuti ayamba. Ndinapeza agwira kale wodwalayo kumiyendo, akukalipira mwamuna wake kuti gwira bwino iwe, ukunyamula thumba kodi? Atamukhazika anatulutsa chikwama changa n'kuchikoleka paphewa, osandiyang'ana.

Ndege yanyamuka. Makiyi a ofesi ndamupatsa mtsikana watsopano. Foni inalira ndisanatuluke, ndinayankha ndekha.

Ati mayi, simunakwere? Ndati ayi bwana, mwini mpando anabwera. Ati mukudziwa kuti basi ntchito yatha? Ndati ndikudziwa. Koma musadule, bwana. Uzani a pageti atsegulire ambulansi, wodwala wanu ali m'mwamba.